Tsitsi likayamba kuthothoka musathamangire mafuta, yambani mwaona chimene chikulidya

Ndakhala ndikuluka tsitsi kuno ku Ulónguè, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, zaka zambiri ndithu, ndipo sabata siitha osabwera mayi wina amene asanavule duku amayamba wayang'ana kaye uku ndi uku kuti pasakhale womuona. Kenako amanong'ona, "asisi taonani kutsogoloku, kodi limeranso?" Azibambo nawo safunsa okha ayi, amatuma akazi awo kuti akandifunse ngati ndikudziwa mafuta a dazi. Zimandikhudza kwambiri chifukwa ambiri amafika atataya kale ndalama pa timabotolo ta pamsika, ena atadzola adyo mpaka khungu kupsa, pamene vuto lawo linali lina.

Nkhani ndi iyi abale, kuthothoka kwa tsitsi si matenda amodzi. Zoyambitsa zake ndi zingapo ndipo chilichonse chili ndi njira yake, ndiye usanagule kanthu uyenera kudziwa kuti chako ndi chiti.

Choyamba mtima m'malo. Mutu wa munthu umakhala ndi tsitsi pafupifupi 100,000 ndipo tsiku lililonse limagwa 50 mpaka 100, zimenezo ndi zachibadwa. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, limakula zaka zingapo kenako limapuma miyezi ngati itatu n'kugwa, pamalo pomwepo n'kumera lina. Ndiye ukamasula mameshi amene wakhala nawo mwezi wathunthu n'kuona chimulu cha tsitsi pa chipeso usakuwe, ndi la masiku onse aja limene linasowa pogwera.

Tsopano tengani galasi, kapena mupemphe m'bale wanu akujambuleni ndi foni panja masana, kutsogolo, paliwombo, m'mbali ndi kunkhongo. Muone zinthu zitatu: tsitsi likuchoka pati, linayamba liti, ndipo khungu la pamenepo likuoneka bwanji. Chachitatuchi ndiye chachikulu. Ngati timabowo tomerera tsitsi tikuonekabe, kapena pali timatsitsi tofewa ngati ta khanda, mizu ikadali moyo. Koma ngati khungu lasalala n'kumanyezimira ngati chipsera, popanda kabowo ngakhale kamodzi, mizu inafa ndipo palibe mafuta amene angaidzutse, chotsala ndi kupulumutsa limene lazungulira malowo.

Ndiyambe ndi vuto limene timalipanga tokha ndi manja athu, ife oluka ndi inu olukitsa. Tsitsi likamachoka m'mphepete mwa chipumi ndi pamwamba pa makutu, chipumi n'kumakulirakulira, nthawi zambiri ndi kukoka. Timakonda kunena kuti kuluka kolimba ndiye kumakhalitsa, mwana akulira ife tikuti pirira ukongola, munthu akutuluka mu saluni nsidze zitakwera m'mwamba usiku n'kumwa parasetamo kuti agone. Ululu umenewo ndi mizu ikuzuka. Mukaona tiziphuphu ting'onoting'ono m'mphepete mwa mizere kapena mutu ukuwawa mukangomaliza kuluka, masulani tsiku lomwelo, ndalama mwalipirayo ipite koma mutu utsale. Ine ndinaphunzira pa mwana wa mchemwali wanga amene ndinkamuluka ndekha kuyambira ali wamng'ono, pofika zaka 12 kutsogolo kunali kutayamba kuyera, tinasiya kumuluka miyezi ingapo ndipo linabwerera chifukwa tinazindikira msanga. Amayi amene akhala akukoka zaka 15 kapena 20 nthawi zambiri silibwerera lonse.

Ndiye chitani chonchi. Muuzeni wokulukaniyo asagwire timatsitsi tam'mphepete, tisiyeni tokha. Mameshi akhale ochepa komanso asatalike mpaka m'chiuno chifukwa kulemera kuja kumakoka usana ndi usiku. Musapitirire masabata 6 kapena 8 musanamasule, ndipo mukamasula lipumitseni sabata ziwiri musanalukenso. Sinthanisinthani kalukidwe kuti mzere usamadutse malo amodzimodzi. Wigi yomata ndi guluu pachipumi, ndi timapeso tam'kati mwa wigi tija, zimadya malo omwewo. Ngakhale duku lomanga mothina tsiku ndi tsiku pamzere umodzi limathandizira kuwononga. Ndipo chonde musaluke tsitsi limene mwangoliwongola kumene ndi mankhwala, limakhala lofooka, mukaphatikiza mankhwala ndi kukoka ndiye mwalimaliza. Mankhwala owongolerawo azipakidwa pa tsitsi latsopano lokha lomera kumene, patatha masabata osachepera 8, ndipo akayamba kuotcha tsukani pompo, asakunamizeni kuti kuwawako ndiye kugwira ntchito.

Pali mtundu wina woopsa umene umagwira kwambiri azimayi akuda, umayambira paliwombo penipeni n'kumafalikira mozungulira pang'onopang'ono, nthawi zina pamayabwa kapena kupweteka ukakhudza. Madokotala amautcha CCCA. Umenewu umasiya chipsera, ndiye osauyesa ndi mafuta a nsatsi, pitani kuchipatala msanga, ngati kwanuko sangathe akutumizeni ku Hospital Provincial de Tete.

Kenako pali kuthothoka kwa mutu wonse, kopanda chigamba, ukangopesa tsitsi lodzaza dzanja. Apa bwererani m'mbuyo miyezi iwiri kapena itatu, munadwala malungo aakulu? taifodi? munachitidwa opaleshoni, munaferedwa, munaonda mwadzidzidzi? Thupi likakumana ndi zoterezi tsitsi lambiri limalowa mopuma nthawi imodzi, ndipo limadzagwa patapita miyezi munthu utachira kale, n'chifukwa chake ambiri sagwirizanitsa ziwirizi n'kuyamba kuganizira anthu. Amayi amene angobereka kumene ndi chimodzimodzi, mwana akafika miyezi itatu kapena inayi tsitsi limagwa koopsa, koma pofika chaka ambiri limakhala litabwerera. Si kuyamwitsa kumene kukulithothola, musamuchotse mwana kubere chifukwa cha tsitsi.

Likapitirira miyezi 6 likugwabe, kayezetseni magazi. Kuchepa kwa magazi kuli ponseponse pakati pa azimayi, makamaka amene amataya magazi ambiri akakhala kumwezi kapena obereka pafupipafupi, ndipo tsitsi limamva msanga. Mapiritsi owonjezera magazi amene amapereka ku sikelo aja imwani mpaka athe, osawasiya pawindo. Pa chakudya ife a ku Tete tilibe chodandaula kwenikweni, nyemba za ku Angónia ndi Tsangano zilipo, kapenta wa ku Cahora Bassa, mazira, chiwindi, bonongwe, nkhwani wotendera. Malambe ndi masau ali ndi vitamini C amene amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'nyemba ndi masamba, amene amawonjezera magazi, pamene tiyi womwera pa chakudya amatchinga, ndiye tiyi azibwera patapita ola. Kuchipatalako muwauzenso ngati mukutopa kwambiri, mtima ukuthamanga kapena pakhosi patupa, chifukwa vuto la chithokomiro nalonso limathothola tsitsi. Mwana wamng'ono tsitsi likafiira n'kumapyapyala, thupi likutupa, imeneyo ndi njala ya m'thupi, thamangani naye kuchipatala.

Za zigamba tsopano, zilipo mitundu iwiri imene anthu amasokoneza. Chigamba chokhala ndi mfundu, choyabwa, tsitsi lothokathoka, makamaka mwa ana a sukulu, chimenecho ndi chipere. Chimapatsirana kudzera m'makina ometera, zipeso, zipewa ndi mapilo. Mankhwala opaka okha sachiza chipere cha m'mutu chifukwa kachiromboko kamalowa m'kati mwa tsitsi, pamafunika akumwa monga griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo amalize onse ngakhale chikaoneka kuti chapola. Achimwene ometa, tsukani makina anu pakati pa mutu ndi mutu, ndi ana athu omwewa. Chigamba china chimakhala chozungulira ngati ndalama yachitsulo, chosalala bwinobwino koma timabowo tomerera tsitsi tikuonekabe, chosayabwa, chimangotulukira m'mawa umodzi, ena chimawagwira ndevu. Apa ndi pamene anthu amati wametedwa ndi afiti usiku, mabanja mpaka kudana. Ayi ndithu, ndi chitetezo cha m'thupi chimene chasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi mizu ya tsitsi, dzina lake alopecia areata, sichipatsirana ndipo mwa anthu ambiri amene ali ndi kachigamba kamodzi kapena tiwiri tsitsi limamera lokha chaka chisanathe, nthawi zina limayamba loyera kenako n'kuda. Koma tizigamba tikakhala tambirimbiri mutu wonse ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, kayezetseni chindoko ndi HIV, musachite manyazi, chindoko chimachizika ndi jakisoni.

Abambo, tibwere kwa inu. Dazi lanu lija loyambira m'makona a chipumi ndi paliwombo ndi la kumtundu, limachokera kuchimuna ndi kuchikazi komwe, ndiye yang'anani bambo anu komanso amalume anu. Chimachitika n'choti mahomoni achimuna otchedwa DHT amafinya mizu pang'onopang'ono, tsitsi limamera lopyapyala ndi lalifupi mpaka kusiya. Si chipewa, si helemeti ya pamgodi ku Moatize kapena ya panjinga yamoto, si dzuwa la mu mzinda wa Tete ngakhale limaotcha chotani, valani helemeti yanu. Azimayi nawo amakhala nalo dazi la kumtunduli, koma iwo tsitsi limangopyapyala pamwamba, makamaka akakula n'kusiya kupita kumwezi.

Mankhwala odziwika kuti amagwiradi ntchito pa dazili ndi awiri. Minoxidil ndi wopaka pakhungu la m'mutu, amapezeka wa 2% ndi wa 5%, amafuna miyezi 4 mpaka 6 tsiku ndi tsiku musanaone kusintha, masabata oyamba tsitsi likhoza kugwa kwambiri kaye, ndipo mukasiya zonse zimene munapindula zimapita. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asagwiritse ntchito. Finasteride wa 1 mg ndi piritsi la abambo lochepetsa DHT, lifunika dokotala akulembereni chifukwa mwa amuna ena ochepa limachepetsa chilakolako cha m'banja, ndipo mayi woyembekezera asakhudze piritsi losweka. Onsewa amathandiza dazi likamayamba kumene, osati mutu utayera kale zaka khumi. Gulani ku famasi yeniyeni, zosalembedwa bwino zogulitsa pa WhatsApp zisiyeni. Mafuta a nsatsi ndi a kokonati ndimawagwiritsa ntchito ndithu, amafewetsa tsitsi kuti lisamathoke makamaka nyengo yozizira ya June ndi July kuno kumapiri pamene chilichonse chimauma, koma sameretsa tsitsi pamene mizu yafa, amene akukuuzani zina akufuna ndalama zanu.

Ndinenepo chimodzi chimene chimandiwawa. Mawu oti dazi ndi chuma timawanena moseka, koma mu 2017 ku Zambézia anthu adazi anaphedwa chifukwa cha bodza loti m'mitu mwawo muli golide, mpaka apolisi anachenjeza anthu. M'mutu wa dazi mulibe chilichonse chosiyana ndi mutu wina, tiziwauza ana athu zimenezi.

Nanga ngati silibwereranso? Ndaona amayi akulira pampando wanga ndipo sindiwauza kuti ndi tsitsi chabe, chifukwa kwa mwini wake si chabe. Chimene ndimawauza n'choti asabise chigambacho polukirapo mameshi olemera, n'kumene kumakulitsa bala. Ena timameta lonse lalifupi ndipo amaoneka bwino zedi ndi ndolo zawo, ena amasankha wigi yopanda guluu yovala pamwamba pa kansalu kofewa n'kumaivula pogona, ena duku la kapulana lomanga momasuka. Abambo ambiri akameta mpala amapeza mtendere, kungoti pamutu popanda tsitsi pamapsa ndi dzuwa ndiye chipewa chisamasowe mukamapita kumunda. Ndipo inu amuna, mkazi wanu akavula duku pamaso panu musaseke, mawu amodzi oipa amakhala mumtima zaka, mufunseni ngati akufuna mumuperekeze kuchipatala. Amene akulandira mankhwala a khansa dziwani kuti tsitsi limagwa chifukwa cha mankhwalawo ndipo kawirikawiri limameranso akamaliza.

Popita kuchipatala tengani zithunzi zija, mabotolo a zonse zimene mwakhala mukupaka, ndi mayina a mankhwala amene mukumwa kuphatikizapo olera, ndipo mupite tsitsi litamasulidwa kuti athe kuona khungu. Mukayamba chithandizo jambulani kamodzi pamwezi, malo omwewo, kuwala komweko, chifukwa sentimita imodzi pamwezi diso silingaione pagalasi la tsiku ndi tsiku koma pa foni mudzaiona.