Kasankhidwe ka mapulogalamu a pakompyuta a wophunzira waulumali

Musanayambe, khalani ndi lipoti la dokotala kapena la mphunzitsi wa maphunziro apadera, ndipo dziwani kompyuta kapena foni imene wophunzirayo azigwiritsa ntchito.

1. Lembani chimene chikumuvuta: kuwerenga, kumva, kulemba kapena kugwira mausi. Dzina la ulumali palokha silikuuzani zambiri.

2. Yambani ndi zaulere. Wosaona agwiritse pulogalamu yowerenga mokweza zimene zili pa sikirini: NVDA pa Windows, TalkBack pa Android kapena VoiceOver pa iPhone. Woona pang'ono, Magnifier imakulitsa zilembo. Wosamva afunika mavidiyo okhala ndi mawu olembedwa m'munsi. Wa dzanja limodzi, muyatsireni Sticky Keys, imene imalola kudina mabatani limodzilimodzi m'malo mowadina nthawi imodzi.

3. Yesani pulogalamu yophunzirirayo popanda mausi, muzingodina Tab ndi Enter pa kiyibodi. Batani limene Tab sakulifika, wosaona angavutikenso kulipeza.

4. Onani mabuku ake. PDF yojambulidwa ndi sikana ndi chithunzi chabe, ilibe mawu oti NVDA awerenge. Pemphani fayilo ya Word.

5. Chenjerani apa, ambiri amathamangira kugula asanayese. Mpatseni wophunzirayo milungu iwiri achitire ntchito zake zenizeni za m'kalasi pa pulogalamuyo, kenako mumufunse iyeyo, osati mphunzitsi yekha. Akati ikumutopetsa, isiyeni.