Kaufa kobiriwira pa mtedza ndi mbewu ya chuku

Alimi anzanga, mukaswa mtedza n'kupeza njere yokutidwa ndi kaufa kobiriwira mwachikasu, ambiri mumangouzira fuu, n'kuiponya m'lichero. Kaufa kameneko ndi mbewu ya chuku, ndipo pouzirapo mwaifesa pa mtedza wonse.

Chuku chimenechi, chomwe akatswiri amachitcha Aspergillus flavus, chimayamba ngati timaulusi toyera tolowerera m'kati mwa njere. Chikakhwima chimatulutsa timapesi toima chilili, kalikonse ndi kamutu kozungulira pamwamba, ndipo pakamutupo pamamera timbewu tondondozana ngati mikanda pa ulusi. Ndi maso simungazione, zimafuna makina okulitsa zinthu. Katswiri wina wa zomera wa ku Italy, Pier Antonio Micheli, ataona timitu timeneti anati tikufanana ndi chowazira madzi odalitsa m'tchalitchi, ndipo dzina la Aspergillus lomwe analemba mu 1729 linachokera pamenepo. Sanalakwitse: kamphepo pang'ono, timbewuto tamwazika nkhokwe yonse.

Choncho mukamaona kaufako, dziwani kuti chuku chinakhazikika kale m'katimo, ndipo mwina chasiyamo poizoni wa aflatoxin. Poizoniyu satha pokazinga, satha posinja, satha pophika. Amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa. Ku Kenya mu 2004, anthu 125 anamwalira atadya chimanga choterechi.

Timbewuti tili paliponse, m'dothi ndi mumpweya, sitingatithe. Chomwe tingachite ndi kutimana chinyezi. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, chonde chithe. Ndikudziwa kuti zala zimapweteka, komanso ena amatero kuti mtedza ulemere pa sikelo, koma madzi amenewo ndi amene timbewuti timadikira. Mukakumba, unjikani mtedza mozungulira njere zili m'kati, pakati posiya mpata wopita mphepo, monga alangizi timaonetsera pa njira ya Mandela cock. Mukathothola yanikani pa lona kapena pa thandala, osati pa dothi, mpaka njere zizilira wayawaya mukagwedeza khoko. Sungani ndi makoko ake, matumba atasanjidwa pa mitengo, osagunda khoma.

Chodabwitsa n'chakuti timbewu tomweti tingathenso kukutetezani. Aflasafe, yomwe inapangidwa ndi bungwe lofufuza zaulimi la IITA, ndi njere za mapira zokutidwa ndi timbewu ta chuku cha mtundu womwewu koma chosatulutsa poizoni. Amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala, kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti mbewu ichite maluwa, kuti chuku chabwinocho chilande malo choipacho chisanafike.

Koma chomwe chimandipweteka mtima ndi ichi: mtedza wabwino kumsika, wonyala ndi wachuku n'kusinjira ana nsinjiro za m'phala. Njere zimenezo zikwirireni kapena zitentheni. Ngakhale nkhuku ndi ng'ombe musazipatse, poti poizoniyu amatulukira mu mkaka.