Momwe mungasamalire mfuti yakale ya Mosin-Nagant osafufuta mbiri yake

Mfuti ya Mosin-Nagant, yomwe asilikali a ku Russia anayamba kugwiritsa ntchito mu 1891, inatenga dzina lake kwa Sergei Mosin ndi Léon Nagant wa ku Belgium, ndipo mtundu umene osunga zakale ambiri ali nawo ndi wa 91/30, womwe unakonzedwanso mu 1930. Musanaganize zokhala nayo, pezani chiphaso chovomerezeka, popeza kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu waukulu ngakhale mfutiyo ikhale yakale chotani.

Ikafika m'manja mwanu, choyamba tsimikizani kuti mulibe chipolopolo. Kokani chitsulo chotsekera chipolopolo, chomwe chimatchedwa bolt, muchitulutsiretu, kenako musuzumire mumpope molunjika kuwala.

Mukatero werengani zimene zinadindidwa pachitsulo musanapukute chilichonse. Pamwamba pa tsinde la mpope pamakhala chaka chimene mfutiyo inapangidwa komanso chizindikiro cha fakitale: nyenyezi yokhala ndi muvi mkati ndi ya mumzinda wa Tula ku Russia, pomwe muvi wokhala m'kachizindikiro ka ngodya zitatu ndi wa mumzinda wa Izhevsk, ku Russia komweko. Yerekezani nambala ya pampope ndi ya pa bolt, ya pansi pa posungira zipolopolo ndi ya pachitsulo cha kumapeto kwa thabwa, chifukwa mfuti yomwe manambala ake onse akufanana ndiyo imalemekezedwa kwambiri. Jambulani zonsezi ndi kuzilemba m'kope.

Zambiri mwa mfutizi zinasungidwa zaka zochuluka zitamatidwa girisi wolimba wotchedwa cosmoline. Ikani zitsulo padzuwa kuti girisiyo asungunuke, muzimupukuta ndi nsalu pang'onopang'ono, makamaka mkati mwa bolt momwe amabisala. Thabwa lokha lifunika chifundo. Kunyezimira kofiirira komwe mukuona ndi mtundu wa vanishi wotchedwa shellac, yemwe amasungunuka ndi sipiriti, choncho pewani sipiriti, nsalu yofewa ndi yokwanira. Zimandipweteka mtima ndikaona thabwa lotere litapalidwa ndi sandipepala n'kupakidwa vanishi watsopano, zidindo zonse za oyendera m'fakitale zitafufutika.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri, ndipo gwero lake ambiri salidziwa. Zipolopolo zakale za asilikali za mfutiyi, zotchedwa 7.62x54R, zili ndi kachitsulo koyatsira onga komwe kamasiya mchere wa potassium chloride mumpope. Mcherewu umakoka chinyezi, moti m'nyengo ya dzinja mpope ukhoza kuyamba kufiira tsiku limodzi lokha. Mafuta sasungunula mchere, amangouphimba. N'chifukwa chake ngati mfutiyo yaombedwa ndi zipolopolo zotere, tsiku lomwelo thirani madzi otentha mumpope kuchokera kumbuyo, mutsukenso nkhope ya bolt, mudutsitse tinsalu touma mpaka kotsiriza katuluke koyera, ndipo pamapeto pake mupake mafuta a mfuti pang'ono chabe. Patatha masiku awiri suzumiraninso.

Mfuti ya zaka zoposa 80 isaombedwe katswiri wokonza mfuti asanaiyeze.

Poisunga, ikani m'kabati yachitsulo yokhoma, pouma, kutali ndi ana, zipolopolo zikhale kwina. Musaisiye m'chikwama cha nsalu kapena cha chikopa, chifukwa zimenezi zimasunga chinyezi, ndipo miyezi itatu iliyonse muziitulutsa n'kupukuta malo onse omwe zala zinakhudza chitsulo.