Kavalidwe kopitira ku intavyu kuno ku Mulanje

Akuitanani ku intavyu kuesiteti ya tiyi kapena pa boma? Za suti yodula iwalani, kaunjika wa pa Chitakale kapena ku Limbuli ndiwokwana bola musankhe zokukwanani, osati jekete yolendewera ngati mwabwereka kwa amalume. Chapiranitu kudakali masiku awiri, ndi chiperoni chathuchi zovala siziuma msanga ndiye zimanunkha chinyontho. Posita ndi simbi yamakala yalani kansalu pamwamba, phulusa lingadetse kolala.

Nsapato ikani mujumbo muyende ndi patapata, dothi lofiirali silimva sopo makamaka mukakwera kabaza mvula itagwa, mukavalire chapafupi ndi geti. Amayi mangani chitenje pamwamba pa siketi, mukachotse mukafika. Perefyumu pang'ono chabe abale, enanu mumachita kusamba. Zikhadabo wengani, tsitsi lipesedwe.