Kupanga biti mwa njira ya Giorgio Moroder, olo situdiyo yako ili kuchipinda ku Nchalo

Mafana ambiri kuno kuchigwa amangodandaula kuti alibe zida, koma laputopu ndi pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio ali nazo, nde mvetserani za mdala uja Giorgio Moroder. Anabadwa 1940 ku Ortisei, kumapiri a kumpoto kwa Italy, anayamba ndi kuimba m'makalabu kenako anakakhazikika ku Munich komwe anatsegula Musicland Studios. Ndi amene anapanga I Feel Love ya Donna Summer mu 1977 limodzi ndi Pete Bellotte, pafupifupi zonse pa synthesizer ya Moog, makina amagetsi opanga mamvekedwe a zoimbira, nthawi imene anzake ankadalira gulu lonse la oimba. Ma Oscar ali nawo atatu.

Yamba ndi click, kaphokoso kowerengera biti. Ika tempo (liwiro la nyimbo) pa 120 kapena 125, kick (ng'oma yaikulu) pa biti iliyonse, du du du du, osakometsa kaye. Kenako bass, ndipo apa mpomwe pali nkhani yonse. Sankha manoti atatu kapena anayi okha uziwabwereza, nde uikepo delay (yobwereza mawu ngati eko) ya 1/16 kuti noti iliyonse iziyankhidwa ndi mnzake, umva yayamba kuthamanga yokha ngati njinga ya kabaza ikutsika Thabwa. Ife izi sizachilendo ayi, amene anamvapo ulimba ku Nsanje akudziwa, manja amangozungulira pamalo amodzimodzi koma anthu fumbi kobo. Ngati ukudziwa woimba ulimba mujambule ndi foni, udule kachidutswa uike pamwamba pa bass, koma umulipire, asamangomva nyimbo yake m'bala.

Za kutentha. Moog ija inkasokonekera tyuni pafupipafupi moti ankajambula tizidutswa tifupitifupi nkumalumikiza. Iwenso chita chomwecho, chifukwa mu Okutobala laputopu imatentha ngati chiwaya, ine yanga inazima ndili pakati pa kolasi ndisanaseve, ndinangokhala pakhonde kumayang'ana mbuzi. Seva pafupipafupi, magetsi sachenjeza. Laputopuyo iike pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi.

Mawu jambula usiku kwambiri, fani utazimitsa, matakisi a njinga zamoto atasiya phokoso, bulangete pakhoma ndi pachitseko, thukuta lipirire basi. Woimba asalimbane ndi makina, biti ikhale youma iye aziyandama pamwamba mofewa, autotune pang'ono chabe.

Upangenso veshoni yaitali ya ma DJ a paukwati. Love to Love You Baby ya 1975, ya Donna Summer yemweyo, Moroder anaitalikitsa mpaka pafupifupi mphindi 17 chifukwa Neil Bogart wa Casablanca Records anafuna yoti anthu avine osaima. Iwe 7 zakwana.

Musanaitumize pa WhatsApp gwirizanani papepala kuti mawu walemba ndani, biti ndi ya ndani, mukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso.