Momwe mungaunikire kasamalidwe ka makina pa siteshoni ya magetsi a nyukiliya

Mu Africa muno siteshoni ya nyukiliya yomwe ikupanga magetsi ndi imodzi yokha: Koeberg, kumpoto kwa Cape Town ku South Africa, ya kampani yamagetsi ya Eskom. Idayamba ntchito mu 1984, ndipo mu 2024 riyakitala yake yoyamba (chotengera chachikulu momwe yureniyamu amatulutsira kutentha kopangira magetsi) idaloledwa kupitiriza mpaka 2044. Makina akale chotere amafika patali akamasamalidwa bwino. Nanga mukapatsidwa ntchito yoona ngati akusamalidwadi, mungayambire pati?

Yambani ndi mabuku. Onani kuti siteshoni idapanga magetsi ochuluka bwanji poyerekeza ndi omwe ikadatha kupanga, komanso kuti riyakitala idazima mwadzidzidzi kangati. Bungwe la WANO, lomwe eni masiteshoni adakhazikitsa mu 1989 ngozi ya nyukiliya ya ku Chernobyl, ku Ukraine, itachitika, limawerengera kuzimaku pa maola 7,000 aliwonse omwe riyakitala yagwira ntchito. Kenako funsani mndandanda wa zowonongeka zomwe sizinakonzedwe. Musangowerenga kuti zilipo zingati. Onani kuti chakale kwambiri chakhala miyezi ingati, ndipo ndani adasaina kuti chidikire.

Chachiwiri, tsekani mabukuwo muvale chisoti. Apa ndi pomwe pagona ntchito, chifukwa manambala amatha kukongola makina akudyeka. Ku Davis-Besse, m'chigawo cha Ohio ku America, madzi okhala ndi asidi ankadontha pa chivundikiro cha riyakitala kwa zaka. Zizindikiro zinalipo: zoyangayanga zouma pa chivundikirocho, zosefera mpweya zikutsekeka ndi dzimbiri pafupipafupi. Anthu ankangosintha zoseferazo. Pomwe ankatulukira mu 2002, asidi anali ataboola chitsulo chochindikala, kutatsala kansalu ka chitsulo kosakwana sentimita imodzi. Siteshoni idatsekedwa zaka ziwiri. Ndiye mukamayendera, chilichonse chomwe ogwira ntchito akuti "chimatero kale" chilembeni poyambirira. Ine ndimati liwu limeneli ndi loopsa kuposa alamu.

Chachitatu, sanjani makina malinga ndi kufunika kwake pa chitetezo. Mapampu oziziritsa riyakitala ndi majenereta a dizilo apangozi sangadikire ngati babu la m'khonde. Pa makina oterewa onani ngati amayezedwa kunjenjemera, kutentha ndi ukhondo wa oyilo, kuti vuto lidziwike chitsulo chisanathyoke.

Chachinayi ndi nthawi yozimitsa riyakitala kuti asinthe mafuta a yureniyamu, kawirikawiri pakatha miyezi 18 kapena 24. Ntchito zikuluzikulu zimachitika pamenepa, makontilakita ali ponseponse, aliyense akuthamangira tsiku loyatsa. Imani pakhomo la makina otsegulidwa muone ngati sipanala, nati ndi kansanza kalikonse kakulembedwa polowa ndi potuluka. Kumapeto kwa 2005 bawuti imodzi yotsalira mkati idawononga jenereta ku Koeberg komweko, ndipo anthu a ku Western Cape adavutika ndi kuzimazima kwa magetsi mu 2006.

Akamaliza kukonza, makina ayesedwe, ndipo munthu wina, osati wokonzayo, atsimikize kuti valavu iliyonse yabwerera m'malo mwake. Pa siteshoni ya Three Mile Island ku America mu 1979 mavalavu a madzi apangozi adapezeka otseka pa nthawi yomwe ankafunika, kachikwangwani ka okonza kataphimba nyali yosonyeza kuti valavu ndi yotseka.

Chikawonongeka chinthu kachiwiri, musalole lipoti lothera poti "wogwira ntchito adalakwitsa". Fufuzani ngati malangizo anali omveka, ngati adaphunzitsidwa, ngati sipeya inali yoyenera. Mukamalanga aliyense woulula cholakwa, mawa simudzamvanso kanthu.

Pomaliza itanani maso akunja, poti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Bungwe loona za nyukiliya padziko lonse la IAEA lili ndi pulogalamu ya OSART, yomwe idayamba mu 1982: akatswiri a m'maiko osiyanasiyana amakhala pa siteshoni pafupifupi milungu itatu, kenako amabweranso patatha miyezi pafupifupi 18 kudzaona zomwe zasintha. Pa mfundo iliyonse yomwe asiya, lembani dzina la woikonza, tsiku lomaliza, ndi chomwe mudzayeze kuti mudziwe kuti yathekadi.