Deti la ulendo wa ku DRC lalakwika m'fayilo ya usilikali

Bambo a ku Senga Bay, mwati fayilo yanu ikunena kuti munapita ku DRC mu 2014, chonsecho inu munanyamuka mu 2013. Yambani mwafukula pasipoti yakale ija, zidindo zotulukira ndi zolowera ndizo mboni yaikulu. Onjezerani setifiketi ya mendulo ya UN ndi mapepala a malipiro a miyezi imeneyo. Zithunzi za pafoni musazidalire kwenikweni.

Mukatero lembani kalata yotchula nambala yanu ya usilikali, deti lolakwika ndi deti lenileni. Ngati mukadali pantchito, kalatayo idzere kwa mkulu wa batalioni yanu. Ngati munapuma, kaiperekeni kulikulu la asilikali a dziko lino (MDF) ku Kamuzu Barracks, Lilongwe. Kasiyeni mafotokope okha, ndipo akudindireni kope yanu ya kalatayo musanakwere minibasi yobwerera ku Salima.